Kudzidzimuka Pakati pa Usiku: Ndi Njira Iti Ingakuuzeni Chimene Chikukuberani Tulo?

Kwa miyezi pafupifupi 8 malume anga ankadzuka kanayi, mwinanso kasanu, usiku uliwonse. Ankayatsa tochi, n'kufufuza masilipasi kunsi kwa bedi, n'kutsegula chitseko pang'onopang'ono kuti asadzutse adzukulu ogona pabalaza, ndipo akabwerako kokataya madzi tulo tinkakhala titabalalika kale. Masana ankawodzera pakhonde khasu litatsamira khoma, munthu amene kale dzuwa linkawatulukira ali kudimba. Aliyense pabanja pathu anali ndi yankho lake. Ena ankati ndi ukalamba basi, ena ankati ndi maganizo a ngongole ya feteleza, ndipo panali ena onong'ona kuti pamudzi pali munthu amene sakuwafunira zabwino. Anagula mapiritsi ogonetsa pagolosale, anawiritsa masamba amene anzawo anawalozera, anaitana akulu a mpingo kudzapemphera, koma usiku unkakhalabe womwewo.

Chimene chinamasula nkhaniyi chinali kope la mizere la mdzukulu wawo wa kusekondale. Kukacha mtsikanayo ankawafunsa kuti, "Agogo, usiku wathawu mwadzuka kangati, ndipo chakudzutsani n'chiyani?" Ankalemba yankho lawo pamodzi ndi zimene adya, zimene amwa, ndi nthawi imene amwera mankhwala. Patatha milungu iwiri anapita nalo kopelo kuchipatala, ndipo dokotala sanachedwe kuona kuti mapiritsi a BP, aja okodzetsa, malume ankamwa madzulo atatha kudya nsima, chifukwa m'mawa ankaiwala pothamangira kudimba. Anawauza kuti azimwa m'mawa, anawayezanso shuga, ndipo pasanathe mwezi anayamba kudzuka kamodzi kokha.

Si aliyense amene nkhani yake imakhala yophweka chonchi. Koma chimene ndinatolapo n'chakuti kusokonekera kwa tulo kuli ngati kutentha kwa thupi: ndi chizindikiro chimene chingachokere ku matenda ambiri osiyana, kapena ku chizolowezi chaching'ono chimene munthu sachiganizira n'komwe. Njira zofufuzira gwero lake zilipo zingapo, ndipo zimasiyana pa ndalama zimene zimadya, pa nthawi imene zimatenga, komanso, chofunika kuposa zonse, pa zimene njira iliyonse ingathe kuona ndi zimene singathe.

Kodi kudzukako ndi vuto ndithu?

Musanasankhe njira, ndi bwino kudziwa kuti palibe munthu amene amagona usiku wonse osatsitsimukako. Tulo ta munthu wamkulu timayenda m'zigawo za mphindi pafupifupi 90, zimene zimabwerezabwereza kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi pa usiku umodzi. Tulo tofa nato timachuluka kumayambiriro kwa usiku, pamene chakum'bandakucha tulo timapepuka ndipo maloto ndiwo amachuluka. Pakati pa zigawozi munthu amatembenuka, n'kukoka bulangete, mwina n'kutsegula maso pang'ono, koma kukacha sakumbukira. Munthu akamakula, tulo tofa nato timachepa, motero kutsitsimuka koteroko amayamba kukumbukira.

Palinso nkhani ya nthawi imene timalowa m'nyumba. Mu 1992 katswiri wina wa ku America, Thomas Wehr, anafalitsa zimene anapeza ataika anthu mumdima kwa maola 14 usiku uliwonse kwa mwezi wathunthu: tulo tawo tinadzigawa pawiri, maola pafupifupi 4 chigawo chilichonse, ndipo pakatipo ankakhala maso kwa ola limodzi kapena kuposerapo popanda kudwala chilichonse. Kuno kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, ndipo m'nyumba yopanda magetsi anthu amakhala atagona 8 koloko isanakwane. Amene wagona 8 koloko n'kudzidzimuka 3 koloko wagona maola 7, amene ndi okwanira kwa achikulire ambiri, ngakhale kunja kukadali mdima ndipo tambala sanalire. Madokotala amaliona ngati vuto lokhalitsa pamene munthu akusowa tulo mausiku atatu kapena kuposerapo pa mlungu, kwa miyezi itatu, ndipo masana akuvutika nazo: kutopa, kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga, kusinza pa ntchito. Ngati masana muli bwinobwino, mwina chofunika n'kungochedwerako kugona.

Kope ndi cholembera

Njira imene ndimaiika patsogolo pa zonse ndi yomweyi ya mdzukulu wa malume, chifukwa siidya ndalama ndipo imathandiza njira zina zonse zobwera pambuyo pake. Kwa milungu iwiri, m'mawa uliwonse, lembani nthawi imene munalowa m'zofunda, nthawi imene mukuganiza kuti tulo tinakupezani, kuti munadzuka kangati, nthawi imene munadzukiratu, ndiponso ngati munagonako masana. Lembaninso tiyi, khofi, zakumwa zopatsa mphamvu, mowa, fodya ndi mankhwala alionse, chilichonse ndi nthawi yake. Mzere wofunika kuposa yonse ndi wa kadzukidwe kake: kodi munadzuka ndi mkodzo, ndi thukuta, mukubanika, mtima ukugunda, pachifuwa pakutentha, miyendo ikusautsa, khungu likuyabwa, kapena mutu utadzaza maganizo? Musamayang'ane wotchi usiku kuti mulembe molondola, chifukwa kuwerenga maola otsala kumathamangitsa tulo. Kungoyerekeza kukacha n'kokwanira.

Kope limagwira bwino zinthu zimene zimabwerezabwereza mosaonekera. Mphamvu yochotsa tulo imene ili mu tiyi ndi khofi imatenga maola pafupifupi 5 kuti itsike ndi theka m'magazi, kotero kapu ya tiyi wamphamvu ya 5 koloko madzulo imakhala ikugwirabe ntchito 10 koloko usiku. Mowa umapusitsa anthu ambiri, chifukwa umagonetsa msanga, koma ukamatha m'thupi pakati pa usiku umadukiza tulo, umakodzetsa, ndiponso umakuza mkonono. Amene amalemba amaona yekha kuti mausiku a Lachisanu ndi Loweruka ndiwo oipitsitsa. Kope limaonetsanso za m'chipinda momwemo: kutentha kwa Okutobala ndi Novembala pansi pa malata, makamaka ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mphepete mwa nyanja, udzudzu wolowera pa neti yobooka, nsikidzi zimene zimasiya timadontho takuda m'misoko ya matiresi, ndi mphere imene imayabwa kwambiri usiku kuposa masana. Amene amagona ndi mbaula m'chipinda chotseka nthawi yozizira n'kumadzuka ndi mutu ndi chizungulire asadikire milungu iwiri, aitulutse mbaulayo lero lomwe, chifukwa mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo.

Kufooka kwa njirayi n'kwakuti imalemba zokhazo zimene mwini wake akukumbukira. Zochitika thupi lili m'tulo, kope silingazione. Komanso kwa munthu amene ali kale ndi nkhawa yaikulu pa za tulo, kulemba kwa miyezi yambiri kumasanduka goli, n'chifukwa chake milungu iwiri ikakwana ndi bwino kulekeza.

Amene mumagona naye chipinda chimodzi

Pamene kope lalephera m'pamene mboni imafunika. Mkonono timautenga ngati nkhani yosekana pamaliro kapena kugowelo, ndipo ena amati woliza mkonono ndiye wagona bwino. Koma pali matenda amene madokotala amawatcha sleep apnea, pamene njira ya mpweya kukhosi imatsekeka munthu ali m'tulo, kupuma n'kuima kwa masekondi 10 kapena kuposerapo. Mpweya wabwino ukatsika m'magazi, ubongo umamudzutsa munthuyo pang'ono kuti apume, ndipo zimenezi zingachitike kambirimbiri pa ola limodzi iye osadziwa. Chimene amadziwa n'chakuti amadzuka kukamwa kuli gwa, mutu ukupweteka, akufuna kukodza, ndipo masana amasinza paliponse pamene wakhala pansi. Ambiri amadandaula za chikhodzodzo pamene vuto lili kukhosi, chifukwa kubanikako kumachititsa thupi kupanga mkodzo wambiri usiku.

Mkazi kapena mwamuna wanu, m'bale wanu, ngakhale mnzanu wa kuhositelo, angakuuzeni zimene palibe kope lingalembe: kuti mkonono umalira kenako n'kukhala zii, kenako n'kubwera ndi kutsamwa, kuti miyendo imaponda mobwerezabwereza, kuti mumakukuta mano, mumakuwa, kapena mumagwedezeka thupi lonse. Kugwedezeka kumene kumatsagana ndi kudziluma lilime kapena kukodza pogona kwa munthu wamkulu kungakhale khunyu logwira usiku, ndipo kumafuna chipatala. Amene amagona yekha angasiye foni ikujambula mawu pafupi ndi pilo kwa mausiku awiri kapena atatu.

Pali mafunso 8 otchedwa STOP-BANG amene madokotala amagwiritsa ntchito poyerekeza kukula kwa chiopsezo cha matenda a sleep apnea aja, ndipo ambiri mwa iwo mungawayankhe muli kunyumba: kodi mumaliza mkonono waukulu, mumatopa masana, wina anaonapo mutasiya kupuma, muli ndi BP, ndinu onenepa kwambiri, mwapitirira zaka 50, khosi lanu likupitirira masentimita 40 mukaliyeza ndi tepi ya telala, ndipo ndinu mwamuna? Kuvomera atatu kumasonyeza kuti chiopsezo chilipo, pamene asanu kapena kuposerapo amasonyeza kuti n'chachikulu. Njirayi nayonso siidya ndalama, koma imangolozera, siitsimikiza, ndiponso mboni nayonso imagona. Ndimaiona kukhala yofunika koposa kwa oyendetsa minibasi ndi malole, chifukwa kusinza kwa masekondi ochepa pa msewu wa M1 kumatenga miyoyo ya anthu ambiri nthawi imodzi.

Mawotchi ndi mapulogalamu a pafoni

Za izi ndinena mwachidule. Wotchi yoyeza tulo imaona kagwedezedwe ka dzanja ndi kagundidwe ka mtima, kenako n'kuyerekeza. Munthu wogona chete maso ali tuzu imamuwerenga ngati wagona, ndipo zimene imanena za tulo tofa nato ndi tulo ta maloto sizodalirika ngati kuyeza kwa kuchipatala. Ingathandize kuonetsa nthawi imene mumagona ndi kudzuka mlungu ndi mlungu, makamaka kwa ogwira ntchito mosinthana usiku ndi usana monga alonda ndi anamwino, koma singakuuzeni chifukwa chake mwadzuka. Ngati muli nayo kale, igwiritseni ntchito pamodzi ndi kope. Ngati mulibe, ndalama yake ingakupindulireni kwambiri mukaisandutsa thiransipoti yopitira kuchipatala.

Chipatala chapafupi

Apa m'pamene pali mayankho ambiri, ndipo m'zipatala za boma kuyezetsa BP, shuga, mkodzo, magazi, malungo, HIV ndi makhololo n'kosalipira. Vuto lake ndi mzere wautali ndi mphindi zochepa zimene dokotala ali nazo pa munthu aliyense. Amene walowa n'kungoti "sindikugona" angatuluke ndi mapiritsi ogonetsa a masiku asanu, pamene amene wanena mmene amadzukira amamupatsa dokotala poyambira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa nkhani imeneyi chitseko chake ndi kufotokoza molunjika.

Amene amadzutsidwa ndi mkodzo afotokoze kuchuluka kwake. Mkodzo wambiri wotsagana ndi ludzu losatha ndi kuwonda umalozera ku shuga, amene amatsimikizika munthu akayezedwa asanadye n'kupezeka ndi 7.0 mmol/L, kapena 126 mg/dL, kapena kuposerapo. Mkodzo wochepa, wotuluka mofooka ndi wosamalizika, mwa bambo wopitirira zaka 50, nthawi zambiri ndi kukula kwa prostate, kachiwalo ka abambo kozungulira njira ya mkodzo kunsi kwa chikhodzodzo. Wotentha kapena wosakanikirana ndi magazi ungakhale matenda a m'chikhodzodzo, kapena likodzo kwa amene amasamba ndi kuchapa kunyanja ndi kumitsinje. Ndipo amene miyendo imatupa masana amakodza kwambiri usiku chifukwa madzi aja amabwerera m'magazi akagona pansi, zimene zimafuna kuti mtima ndi impso ziunikidwe.

Thukuta lonyowetsa zofunda ndi chizindikiro chimene sitiyenera kuchipeputsa. Likatsagana ndi kutsokomola kwa milungu iwiri, kutentha thupi kapena kuwonda, chofunika n'kuyezetsa makhololo kuti aone ngati ndi chifuwa chachikulu, komanso kuyezetsa HIV. Malungo amayezedwa ndi kadontho ka magazi ka pachala ndipo zotsatira zimatuluka m'mphindi pafupifupi 20. Kwa amayi a zaka za pakati pa 45 ndi 55, kutentha kobwera mwadzidzidzi kumaso ndi pachifuwa pakati pa usiku kawirikawiri kumayendera limodzi ndi kusiya kusamba, ndipo si chinthu chochita nacho manyazi pouza namwino. Kwa odwala shuga amene amadzibaya insulin kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga a glibenclamide, kudzuka ndi thukuta, kunjenjemera ndi maloto oipa kungatanthauze kuti shuga watsika kwambiri usiku, makamaka ngati madzulo anadya pang'ono.

Kubanika nakonso kuli mitundu. Mphumu imakonda kuvuta m'bandakucha, chifuwa chikulira ngati wenzulo. Kubanika kwa mtima wofooka kumabwera munthu atagona ola limodzi kapena awiri, kumamukakamiza kukhala tsonga kapena kutsegula zenera, ndipo amayamba kusanjikiza mapilo kuti apeze mpweya. Chilungulira chimadziwika ndi kutentha pachifuwa ndi madzi owawasa obwerera kukhosi, ndipo chimakonda amene amadya nsima yambiri n'kugona nthawi yomweyo. Kusiya maola awiri kapena atatu pakati pa chakudya ndi kugona, ndi kuika njerwa kunsi kwa miyendo ya bedi ya kumutu, kumaonetsa m'masiku ochepa ngati vuto linali limeneli.

Pali matenda ena amene anthu ambiri amasowa mawu owafotokozera. Munthu akangogona amamva kusautsa mkati mwa miyendo, ngati mukuyenda nyerere, ndipo kumaleka pokhapokha akaigwedeza kapena kuyendayenda. Kawirikawiri zimenezi zimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi, ndi pakati, kapena matenda a impso, ndipo ayironi angakhale wochepa ngakhale magazi atapezeka okwanira, n'chifukwa chake madokotala amayeza ferritin, imene imasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi, pamene n'kotheka. Izi n'zosiyana ndi kutentha kwa mapazi kumene kumabwera ndi shuga, HIV kapena mankhwala a TB otchedwa isoniazid, amene amaperekedwa limodzi ndi vitamini B6 pofuna kuteteza mitsempha. Mtima wothamanga, kunjenjemera manja ndi kuwonda munthu akudya bwino zimachititsa dokotala kuganizira chithokomiro, ndipo kuyeza kwake kumafuna labotale yaikulu.

Mankhwala amene mukumwa kale ndi gawo limene limaiwalika kwambiri. Kupatula okodzetsa monga hydrochlorothiazide ndi furosemide, pali prednisolone ndi salbutamol, operekedwa kawirikawiri kwa odwala mphumu, amene amachotsa tulo akamwedwa mochedwa. Amene anamwapo ma ARV okhala ndi efavirenz amakumbukira maloto achilendo ndi chizungulire cha milungu yoyamba. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri m'Malawi anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene ndi amphamvu ndipo ambiri amayanjana nawo, koma ena amawasowetsa tulo, makamaka akamamwa usiku monga anazolowera ndi akale aja. Yankho lake si kusiya, ndipo si kusintha mwa inu nokha, koma kuuza a ku kliniki, amene nthawi zambiri amalangiza kumwa m'mawa.

Pamene gwero lili m'maganizo

Kuyeza magazi kungatuluke bwinobwino munthu n'kumadzukabe 2 koloko mtima uli m'mwamba. Kudzuka maola awiri nthawi yanu isanakwane, osapezanso tulo, mtima utalemera, pamene masana simukusangalalanso ndi zimene munkazikonda, ndi chizindikiro chodziwika cha matenda a kukhumudwa. Timati munthu akuganiza kwambiri, n'kumulangiza kuti alimbe mtima, koma awa ndi matenda amene ali ndi chithandizo. Pali mafunso 9 otchedwa PHQ-9 amene wachipatala angakufunseni m'mphindi zochepa. Amene anaona zoopsa, monga opulumuka ku namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, angamadzidzimuke mvula ikangoyamba kugunda pamalata, ngakhale papita zaka. Thandizo la maganizo silili ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu kokha. M'zipatala za m'maboma mumapezekanso anamwino ophunzira za matenda a maganizo, ndipo kuwafunsa sikutanthauza kuti munthu wachita misala.

Chimachitikanso n'chakuti chimene chinayambitsa vutolo, kaya maliro, kaya matenda, chimatha, koma kusowa tulo kumatsala, chifukwa thupi laphunzira kuona bedi ngati malo olimbana ndi maganizo. Pamenepa kuyezetsa kwina kulikonse sikupezanso kanthu. Chithandizo chake ndi uphungu wotchedwa CBT-I, umene bungwe la madokotala la American College of Physicians linanena mu 2016 kuti ndiwo uyenera kuyamba mapiritsi asanaganiziridwe. Mfundo zake n'zosavuta kumva ngakhale zimafuna khama: kudzuka nthawi imodzi tsiku lililonse, kusakhalitsa pabedi muli maso, kutuluka m'zofunda tulo tikakana kwa mphindi pafupifupi 20 n'kubwereranso pokhapokha tikayamba kubwera, ndi kuleka kubweza tulo masana.

Kuyezedwa tulo usiku wonse

Njira yozama kuposa zonse ndi imene imatchedwa polysomnography. Munthu amagona m'chipinda cha chipatala atamumata timawaya kumutu, pafupi ndi maso, pachibwano, pachifuwa ndi m'miyendo, ndipo makina amalemba mmene ubongo, mtima, kupuma ndi mpweya wa m'magazi zikuyendera mpaka kucha. Amawerenga kuti kupuma kwaima kapena kwachepa kangati pa ola: kuyambira 5 mpaka 14 ndi vuto laling'ono, 15 mpaka 29 ndi lapakati, ndipo 30 kapena kuposerapo ndi lalikulu. Palinso kachipangizo kopita nako kunyumba koyeza kupuma ndi mpweya wokha, kotsika mtengo koma kosaona zochitika mu ubongo.

Kuyeza kumeneku kumaona zimene njira zina zonse sizingaone, koma n'kokwera mtengo, sikupezeka pa chipatala chaching'ono, ndipo sikofunika kwa aliyense. Munthu amene vuto lake ndi maganizo, tiyi kapena mankhwala sapindula nako. N'koyenera amene mboni yaona akusiya kupuma, amene BP yake ikukana kutsika ngakhale akumwa mankhwala mitundu itatu, ndi amene amachita zachilendo m'tulo. Achibale athu okhala ku Johannesburg ndi ku Cape Town angakupeze m'zipatala zolipira, ndipo a ku Britain amatumizidwa ndi dokotala wawo wa m'dera (GP) kudzera mu zipatala za boma za NHS. Kuno kwathu poyambira ndi kalata yotumizira kwa madokotala a matenda a achikulire ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba Central kapena Mzuzu Central. Matenda obanika m'tulo aja, a sleep apnea, akatsimikizika, chithandizo chodalirika ndi makina a CPAP, amene Colin Sullivan wa ku Sydney anawayambitsa mu 1981, opopera mpweya m'mphuno kuti khosi lisatsekeke. Amafuna magetsi usiku wonse, choncho banja liyenera kuganiziratu za batire kapena sola. Podikira zonsezi, kuchepetsa thupi, kuleka mowa madzulo ndi kugona chammbali m'malo mwa chagada zimathandiza ndithu.

Mapiritsi ogonetsa, pemphero ndi asing'anga

Njira imene anthu ambiri amayambira ndi imene ndimaiika kumapeto, chifukwa siifufuza kanthu, imangophimba. Piriton amagonetsa masiku oyamba okha, kenako thupi limazolowera, ndipo angatsekereze mkodzo mwa abambo a vuto la prostate ndi kukulitsa kusautsa kwa miyendo kuja. Diazepam, amene ambiri amamudziwa kuti Valium, amazoloweretsa m'milungu yochepa, amagwetsa okalamba podzuka usiku, ndipo kwa munthu wobanika m'tulo ndi woopsa chifukwa amachedwetsa kudzidzimuka kumene kumamupulumutsa. Ali ndi malo ake dokotala akalemba kwa masiku ochepa pa nthawi ya vuto lalikulu, koma amene wamwa kwa miyezi asasiye mwadzidzidzi, apite akamuchepetsere pang'onopang'ono.

Za pemphero ndilibe chotsutsa, ndipo ndikudziwa kuti mtima wokhazikika umagona bwino. Chimene chimandipweteka ndi pamene kudzuka nthawi imodzi usiku uliwonse kumatengedwa ngati umboni wakuti wina akutamba, n'kuyamba kulozana zala, kawirikawiri kwa agogo amene alibe wowaikira kumbuyo. Thupi lili ndi wotchi yake, ndipo amene amagona nthawi yofanana amafika pa tulo topepuka nthawi yofanananso. Ngakhale chija choopsa, chodzuka osatha kugwedeza dzanja kapena kufuula, uku ukumva ngati wina wakukhalira pachifuwa, chili ndi chifukwa chake: pa nthawi ya maloto ubongo umagwira minofu kuti munthu asachite zimene akulota, ndipo nthawi zina maso amatseguka minofu isanamasuke. Zimatha zokha m'masekondi kapena mphindi zochepa, ndipo zimachuluka munthu akamagona mosakwanira, akamagona chagada, kapena akakhala ndi nkhawa. Amene akupita kwa abusa kapena kwa sing'anga apitenso kukayezetsa shuga ndi makhololo mlungu womwewo, ndipo auze dokotala za zitsamba zilizonse zimene akumwa, chifukwa zina zimasemphana ndi ma ARV ndi mankhwala a BP.

Poyambira pa munthu aliyense

Pali anthu amene sayenera kuyamba ndi kope. Amene amadzuka akubanika n'kulephera kugona chagada, amene akumva kupweteka pachifuwa, amene akutuluka thukuta usiku uku akutsokomola ndi kuwonda, amene wagwedezeka m'tulo, amene wasinza akuyendetsa galimoto, ndi amene maganizo ofuna kudzipha amamubwerera akakhala maso usiku, onsewa apite kuchipatala mawa lomwe, ndipo zikavuta usiku womwewo. Kwa ena onse, ine ndingayambe ndi milungu iwiri ya kope pamodzi ndi mboni, n'kusintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi, kaya ndi tiyi wa madzulo, kaya ndi mowa, kaya ndi nthawi yogona, kuti zikasintha mudziwe chimene chathandiza. Zikapitirira, chipatala chapafupi ndicho chachiwiri, ndipo kuyezedwa usiku wonse kubwere pokhapokha zizindikiro zikaloza kumeneko.

Tsiku lopita kuchipatala nyamulani kopelo, buku lanu la kuchipatala, ndi mankhwala onse amene muli nawo m'nyumba m'mapaketi awo, kuphatikizapo ogula pagolosale ndi azitsamba. Ngati mulibe matenda a shuga odziwika kale, lawirani musanadye kanthu kuti akafuna kuyeza shuga asakubwezeni, ndipo ngati n'kotheka pitani ndi amene mumagona naye chipinda chimodzi kuti afotokoze yekha zimene amamva ndi kuona inu muli m'tulo.